Kalata yotseguka kwa oyang'anira mzinda wa Lilongwe: ana athu azikasewera kuti?

Olemekezeka a Meya, makhansala a mawodi onse, aphungu a madera a mumzinda uno, ndi inu akuluakulu oona za malo ndi mapulani a mzinda,

Ndakupatsani moni nonse mwaulemu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mayi wachikulire, mphunzitsi wa pulayimale wopuma pantchito, ndipo ndakhala mu Lilongwe muno kuyambira ndili mtsikana wongotuluka kumene kusukulu ya zauphunzitsi. Ana anga adabadwira muno, adzukulu anganso ndi a muno. Msonkho wa nyumba ndimalipira, ngakhale nthawi zina mochedwerapo. Pankhani ino sindikuyankhulira chipani chilichonse, ndipo simumva ndikutchula dzina la munthu. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, choncho mundilandire ngati mnansi.

Chandilembetsa kalatayi ndi mpanda wa malata umene wazungulira bwalo la kudera kwathu.

Bwalolo silidali lokongola ayi. Kapinga padalibe. M'chilimwe lidali fumbi lofiira lokhalokha, m'dzinja matope, ndipo magolo ake adali mitengo ya bulugamu imene anyamata adazika okha. Koma mukadafika Loweruka masana mukadaona kuti dera lonse limathera pamenepo. Pakati anyamata akuluakulu ali pa mpira, m'mbali tiana tikuthamangitsa chikulunga cha majumbo, atsikana ali pa fulaye ndi phada, chakumunsi amayi akuponyerana mpira wamanja atamanga zitenje m'chiuno. Pansi pa mtengo wa mango umene udali pakona, abambo opuma pantchito ankatha tsiku lonse ali pa bawo. Sikelo ya ana inkachitikira pomwepo. Kukagwa zovuta panyumba yopanda bwalo, anthu ankakhala pomwepo. Ngakhale ena mwa inu, nthawi ya kampeni, mudaimikapo galimoto ndi zokuzira mawu, ife tidakhala pansi n'kukuomberani m'manja.

Mwezi wathawu, Lachiwiri lina m'mawa, lole idabwera n'kutsitsa mapolo ndi malata. Pofika Lachisanu bwalo lonse lidali mkati mwa mpanda, mtengo wa mango uja atausadza. Mdzukulu wanga wa zaka 9 adabwera kunyumba mpira uli m'khwapa, n'kungoti, “Agogo, atseka.” Sadalire. Adakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, mpira uli pamiyendo.

Tidanyamuka amayi anayi pamodzi ndi mfumu ya dera lathu kukafunsa ku ofesi ina. Kumeneko adatilozera chipinda china, chipinda chinacho adati bwana ali kumsonkhano, tsiku lotsatira adati fayilo sikupezeka. Mpaka lero palibe watiuza kuti malowo adaperekedwa liti, kwa yani, komanso kuti pamangidwa chiyani. Ana aja tsopano akusewerera mumsewu, ndipo magolo awo ndi miyala iwiri imene amachotsa galimoto ikamabwera. Sabata yatha ndidaona ndi maso angawa kabaza wa njinga yamoto akugwira mabuleki mpaka njinga kupingasa, mwana wothamangira mpira n'kugwera m'ngalande. Adatuluka ndi zilonda za m'mawondo zokha. Wakabazayo ndiye ankanjenjemera kuposa mwanayo, ndipo sindidamudzudzule, chifukwa msewu ndi malo ake.

Ili ndiye dandaulo langa loyamba, ndipo si la kudera kwathu kokha. Funsani aliyense amene wakhalitsa ku Kawale, ku Biwi, ku Chilinde, ku Area 23 kapena ku Area 25 kuti bwalo limene ankasewerapo ali mwana lili kuti lero. Ambiri akulozerani nyumba, sitolo, malo omwetsera mafuta kapena mpanda wa njerwa umene wakhala zaka mkati muli thengo. Malo opanda nyumba anthu ena amawaona ngati puloti imene ikungodikira mwini. Madobadoba akangodutsapo kawiri, dziwani kuti kwatha. Ndipo njerwa zikangofika pawindo palibenso wogwetsa, madzi akatayika saoleka.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mzinda uno sudayambe motero. Pamene boma la Dr. Kamuzu Banda lidaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, mapulani a mzinda watsopano amene adakonzedwa mu 1968 adasiya dala mipata ikuluikulu ya mitengo pakati pa madera. N'chifukwa chake munthu wochoka ku Old Town kupita ku City Centre amadutsa m'nkhalango, chinthu chimene alendo amadabwa nacho mpaka lero. Likulu lidasamukira kuno mu 1975. Kalembera wa 1977 adapeza anthu osakwana 100,000 mumzinda uno, pomwe wa 2018 adapeza 989,318. Anthu tachuluka kakhumi, nanga malo opumirako mphepo achuluka kangati? Ndikuyang'ana madera amene adadza pambuyo, monga Mtandire, Chinsapo, Mgona, Kauma ndi Area 36, kumene nyumba zidathithikana moti denga la uyu limathirira madzi pakhomo pa uyo. Ana ambiri a mzinda uno ali kumeneko, ndipo kumeneko ndiye kulibiretu kanthu.

Dandaulo lachiwiri ndi la mitsinje. Pano ndichedwapo pang'ono, mundipirire.

Mzinda wathu dzina lake udatengera kumtsinje. Lilongwe amachokera kunkhalango ya Dzalanyama, amadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde amene timamwako madzi, kenako n'kudzadutsa pakati penipeni pa tauni. Lingadzi nayenso amadutsa mumzinda mpaka kukakumana ndi mnzake. Mizinda ina ikadakhala ndi mitsinje iwiri yotereyi bwenzi m'mbali mwake muli tinjira toyendamo, mabenchi ndi mithunzi, anthu akuweruka kuntchito n'kukakhala m'mphepete mwa madzi. Ife mitsinje yathu tidaifulatira. Nyumba, misika ndi magalaja zonse zidapenya kumsewu, kumtsinje n'kukhala kuseri kotayirako zinthu.

Tsiku lina mudzatsike m'galimoto pa mlatho wa Lilongwe, mudzayende wapansi kulowera kumsika wa Tsoka, mudzawoloke pa timilatho ta mitengo tija anthu amalipira kangachepe kuti adutse. Mukadzafika pakati mudzaime, mudzayang'ane pansi. Mudzaona majumbo atakoledwa m'bango ngati zovala zoyanika, mabotolo, matewera a ana, masamba owola a kabichi, ndi madzi amtundu wosadziwika bwino. Chapafupi pomwepo wina akuchapa kaunjika, wina akutsuka mbatata, mwana akusamba. Sindikunena izi ponyoza anthu a pamsika. Munthu amene wakhala pabenchi kuyambira mbandakucha, wadula chiphaso cha tsiku limenelo, koma bini ili kutali kapena idadzaza kalekale, zinyalala akazitaya kuti? Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala lidabwera mu 2015, koma amene akufuna kudziwa mmene likugwirira ntchito akafunse bango la mumtsinje wa Lilongwe.

Ndili mtsikana, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tinkapita ndi anzanga kukakhala pamiyala ya m'mphepete mwa mtsinje, tikudya nzimbe mapazi ali m'madzi. Mikuyu ndi nsungwi zidali zambiri. Lero malo ngati amenewo ndi maenje a okumba mchenga ndi mauvuni a njerwa, kwina ndi madimba ofika m'madzi mwenimweni, kwina mipanda ya anthu yoti mtsinje adaulowetsa m'puloti mwawo. Mtsinje ukalandidwa malo ake umadzawatenga wokha. Mu February 2017 Lingadzi adasefukira ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, nyumba zidagwa, anthu adataya katundu. Kolera amene adayamba mu 2022 adavuta kwambiri muno moti mu January 2023 sukulu za mumzinda uno zidachedwa kutsegulidwa. Amene amati nkhani ya mapaki ndi ya anthu okhuta aganizirepo apa. Gombe la mtsinje lokhala ndi mitengo, udzu ndi njira ya anthu oyenda pansi limagwira nthaka, limapatsa madzi osefukira poyala, ndipo pamalo pamene pamadutsa anthu tsiku lonse munthu amachita manyazi kukhuthulapo wilibala ya zinyalala.

Dandaulo lachitatu likukhudza malo amene alipo. Poyamba ndiyamike, chifukwa alipodi ndipo ndi abwino. Nkhalango ya Nature Sanctuary, mmene mulinso Lilongwe Wildlife Centre, ndi chuma chimene malikulu ambiri alibe: mbalame, apusi, mitengo yachilengedwe ndi mtsinje wa Lingadzi, zonsezi pakati pa mzinda. Ku Botanic Garden kufupi ndi Nyumba ya Malamulo anthu amakajambulitsa zithunzi za ukwati, ena amakapemphera, ena amakangogona pakapinga. Pachipilala chokumbukira asilikali chakufupi ndi Area 18 napo madzulo pamakhala anthu. Onse amene amasamalira malo amenewa Mulungu awadalitse.

Koma taonani pamene malowa ali. Onse adaunjikana chigawo chimodzi, kufupi ndi Capital Hill ndi City Centre. Mayi wa ku Chinsapo kapena ku Area 36 amene ali ndi ana anayi, kuti akafike kumeneko akwere minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwerera, ana akulipiridwa, pena pakhomo polowera alipirenso, ndiye ana aone ena akudya iwo osawagulira kanthu? Ndalama imeneyo ndi ya ufa ndi ndiwo za masiku angapo. Pa zaka zonse zimene ndidaphunzitsa, ana ambiri a m'kalasi mwanga adakaona nkhalango ija kamodzi kokha, paulendo wa sukulu, ndipo ena ankatsala chifukwa makolo alephera kusonkha ya basi. Nkhope za otsalawo, basi ikunyamuka anzawo akuimba, sindiziiwala. Malo ena onse osangalalira amene atsegulidwa zaka zino ndi a bizinesi: ukalowe ndi ndalama, mwana akakwere katungwe ndi ndalama. Eni ake sakulakwa, ndi malonda awo. Koma mzinda sungauze mwana wa mlonda kapena wa mayi wogulitsa mandasi kuti katungwe ndi wa ana a mabwana.

Mwina mundiuza kuti mabwalo a masewero alipo: Bingu National Stadium imene idatsegulidwa mu 2017, Civo, Silver ndi ena. Inde alipo, ndipo timanyadira. Koma amenewo ndi mabwalo okaonerako mpira, geti lake limakhala lotseka. Osewera amene timakawachemerera kumeneko adaphunzira mpira opanda nsapato pa mabwalo a fumbi ngati lathu lija. Mabwalo a sukulu nawo ambiri adamangidwa mipanda, ndipo pachifukwa chomveka, poti akuba adanyanya. Chotsatira chake n'chakuti belu lomaliza likalira, mwana alibenso poponda.

Dandaulo lachinayi ndi laling'ono pakamwa koma lalikulu kwa ife okalamba, amayi oyembekezera ndi anzathu aulumali: pokhala ndi podzithandizira. Yendani kuchoka kudepoti mpaka ku Area 3 muwerenge mabenchi amene munthu angakhalepo osagula kanthu. Ine wa miyendo yotupayi ndikatopa m'tauni ndimakhala pakhonde la sitolo mpaka mlonda andiyang'ane ndi diso loti gogo sunthani. Zimbudzi za aliyense n'zowerengeka, ndipo mukudziwa chimene chimachitika kuseri kwa mitengo ndi m'mbali mwa mipanda. Malo obiriwira ochepa amene adatsala, poti alibe magetsi ndiponso udzu sutchetchedwa, adasanduka mobisalira achifwamba, moti mayi sangadutsemo yekha dzuwa likapendeka. Kenako wina amabwera n'kunena kuti malowa angokhala tchire loopsa, bola tiwapereke kwa woti amangepo. Umu ndi mmene malo a anthu onse amathera: amayamba asiyidwa, kenako aipa, mapeto ake agulitsidwa.

Za mitengo ndingonena mwachidule. Misewu yatsopano ndi yokongola, ndipo tonse tikuyendamo mosangalala. Koma pamene ankakuza msewu wa Kenyatta mitengo ikuluikulu idagwa, anthu adadandaula, ndipo woyenda pansi mwezi wa October akudziwa chimene tidataya. Chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa mu December timaona akuluakulu atagwira khasu ndi kathini, atolankhani akujambula. Pofika August timitengo tija tadyedwa ndi mbuzi kapena tapsa ndi moto. Wodzala alipo, wothirira ndiye palibe.

Ndisaiwale mbali yathu, chifukwa nafenso tili ndi mlandu. Amene amazula mabini achitsulo kukagulitsa ndi ana athu. Amene amataya matewera mumtsinje usiku ndi ife amayi. Amene amagula puloti akudziwa bwino lomwe kuti ndi bwalo la ana timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Ndikudziwanso kuti thumba la khonsolo ndi lobooka, ambiri salipira misonkho, ndipo misewu, ngalande ndi zinyalala zonse zikulira ndalama yomweyo. Koma lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidaika chisamaliro cha mzinda m'manja mwa khonsolo, ndipo zambiri mwa zimene ndikupempha sizilira mamiliyoni. Zikulira cholembera, chidindo ndi munthu wolimba mtima wotha kukana.

Tsono zopempha zanga, zimene ndikukhulupirira kuti ndi za makolo ambiri, ndi izi:

1. Tulutsani mndandanda wa malo onse amene mapulani a mzinda adawasiya kuti akhale mabwalo a masewero, mapaki ndi malo a mitengo, wodi iliyonse payokha. Muonetse amene akadalipo, amene adaperekedwa, ndi chaka chimene adaperekedwa. Mndandandawo ukhale m'Chichewa, umatidwe m'misika, m'sukulu ndi kwa mafumu a m'madera, uikidwenso pa Facebook. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho sitikupempha chachilendo.

2. Imitsani kaye kupereka kapena kusintha ntchito ya malo aliwonse otere mpaka mndandandawo utatuluka. Pambuyo pake, bwalo lisamasinthidwe popanda msonkhano wa anthu a deralo, woitanidwa poyera, masana, khansala alipo.

3. Pamene pazingidwa mpanda koma maziko sadakumbidwe, monga kwathu kuno, unikaninso mapepala ake. Ngati malowo adali a anthu onse, abwezedwe. Ngati adaperekedwa mwalamulo, tiuzeni, ndipo mutisonyeze pena poti ana apite.

4. Wodi iliyonse ikhale ndi bwalo limodzi losalipiritsa, loti mwana n'kufikako wapansi. Sitikupempha akasupe a madzi kapena maluwa ochokera kunja. Muike zizindikiro za simenti m'makona, chikwangwani chonena kuti malowa ndi a anthu onse ndipo sagulitsidwa, magolo achitsulo, mabenchi a simenti amene wakuba sanganyamule, ndi mitengo ya mthunzi. Kumadera othithikana kumene malo adatha, kambiranani ndi masukulu ndi mipingo kuti mabwalo awo azitsegulidwa madzulo ndi Loweruka, komiti ya makolo ikuyang'anira.

5. Sankhani chigawo chimodzi cha mtsinje wa Lilongwe, ngakhale chachifupi, kuyambira pamlatho wa m'tauni, muchikonze kuti anthu aone kuti n'zotheka. Mabini azichotsedwa tsiku lodziwika, pakhale njira ya oyenda pansi, magetsi a dzuwa, nsungwi ndi mitengo m'gombe. Ochita malonda a pamenepo musawathamangitse ndi zikwapu. Khalani nawo pansi, poti iwowo ndi amene angakhale alonda a malowo.

6. Malire a gombe la mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi aikidwe zizindikiro zooneka, ndipo lamulo loletsa kumanga m'mphepete mwa madzi ligwire aliyense mofanana. Lisamathyole kanyumba ka zidina n'kulambalala mpanda wa njerwa zootcha. Okumba mchenga nawo ali ndi ana oti adye, choncho apatsidwe malo ovomerezeka okumbako.

7. Mangani zimbudzi zaukhondo pamalo aliwonse opumirako anthu ndi m'malo okwerera minibasi, zoti wa njinga ya olumala n'kulowamo, ndipo ana ndi okalamba asamalipire.

8. Mtengo uliwonse wodulidwa chifukwa cha msewu kapena nyumba ulowedwe m'malo, ndipo kontalakita asamalandire malipiro omaliza mitengoyo isadapirire chilimwe chimodzi. Pa ndondomeko ya chuma ya chaka chilichonse mutiuze ndalama zimene zapita ku mapaki ndi mabwalo, ndi pamene zagwira ntchito.

Kwa inu anzanga amene mukuwerenga kalatayi pafoni, ngati kwanuko kuli bwalo limene likadalipo, lijambuleni lero, mulembe tsiku, mukafunse khansala wanu kuti pamapu malowo adalembedwa chiyani. Musadikire lole ya malata ngati mmene tidachitira ife. Kalatayi itumizeni m'magulu a WhatsApp a mpingo, a sukulu ndi a banki m'khonde mpaka ifike kwa eni ake.

Olemekezeka, ife amayi anayi aja tidzabweranso, ndipo ulendo uno tidzabwera ndi masiginecha a makolo a dera lonse, kudzapempha kuti nkhaniyi ilowe pa msonkhano wa makhansala onse. Yankho lanu mungalipereke poyera, monga mmene ine ndalembera poyera. Mitengo ya magolo ija anyamata adaizula usiku mpanda usadatsekedwe, ndipo ili kuseri kwa nyumba yanga, ndaifunditsa pepala la pulasitiki kuti chiswe chisaidye. Mukatiuza poti tikazike, adzainyamula okha.

Ine wanu mwaulemu,

Gogo wa adzukulu asanu,
mphunzitsi wopuma pantchito,
Lilongwe